Dzanja Loopa Madzi

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja palibe.

Kopeli andipatsa anesi, akuti ndizilemba tsiku lililonse kuti lamanzereli lizolowere ntchito. Ndine Hasina, wa kwa Maganga, ndimayanika usipa ndi kugulitsa. Mizere inayi yokha thukuta kamukamu. Ndalekeza.

Lachinayi, 15 Meyi

Shuga m'mawa 340. Jakisoni kawiri pa tsiku, kutsuka bala m'mawa.

Ndilembe mmene zinayendera. Mwezi watha munga wa kampango unandibaya pachikhatho ndikutumbula. Ndinangomangapo kansanza n'kupitiriza ntchito, nanga nsomba zimadikira munthu? Kuti ndili ndi shuga sindinkadziwa. Dzanja linatupa, linada, kenako linayamba kununkha. Lachitatu sabata yatha anandilowetsa ku thiyeta n'kudula pansi pa chigongono.

Amuna anga a Nasir anali ku chilumba cha Mbenji. Atamva anakwera boti tsiku lomwelo, analandira dzanjalo, analikulunga m'nsalu yoyera n'kukalikwirira kumanda kwathu monga Asilamu timachitira. Ndiye kuti ine kumanda ndafika kale mbali imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti ndikulimvabe. Zala zafumbata zolimba, zikhadabo zikulasa chikhatho chomwe kulibe. Adokotala akuti ubongo sunauzidwe kuti dzanja linachoka. Ndafunsa a Nasir ngati anawongola zala asanakwirire. Angoyang'ana pansi.

Loweruka, 17 Meyi

Chiyambire ndili mwana, lamanzere ndi la kuchimbudzi. Lero ndikudyera lomwelo. Ndimatembenukira kukhoma, ndinene Bismillah chapansipansi, ndimeze msangamsanga. Manyazi akundipha kuposa bala.

Bedi loyandikana nalo kuli a Rute a ku Chitala, mayi wa Mvano, phazi likuwola ndi shuga yemweyu. Pakamwa sipatseka. Akuti khomalo ndalikonda bwanji, kodi likundipatsa ndiwo? Ndawayankha kuti khoma lili ndi ulemu, silifunsa mafunso. Aseka mpaka diripi kugwedezeka.

Lolemba, 19 Meyi

Kwabwera Zuleka. Ndinamuletsa pafoni, koma amamva munthu ameneyu? Wakwera kabaza ndi mimba yake yowawayo, mwana wake Layla akumugwiriza kumbuyo. Waonda, mpango ukuzungulira mutu kawiri. Khansa ya m'chiberekero anamupeza nayo chaka chatha, ndipo ku Lilongwe anamubweza kuti azingomwa zoletsa ululu.

Zuleka ndi mnzanga wa pa ntchito ina imene sitiitchula pamsika. Kwathu akamwalira mayi wa Chisilamu, osambitsa ndife. Zaka makumi awiri ndi ziwiri tsopano. Iye amathira madzi, ine ndimatsuka, pomaliza ndimaluka tsitsi patatu, chifukwa zala zake n'zaulesi pa zoluka. Zimene timaona m'chipindamo sitiuza munthu, ngakhale amuna athu, ndipo m'kope muno sizilowa. Kalekale tinapangana kuti amene adzatsale adzasambitse mnzake.

Wabweretsa mpunga ndi chambo chowamba. Ataona ndikutembenukira kukhoma wandilanda mbale n'kuyamba kundidyetsa ndi lamanja lake, uku akundinyoza kuti ndathawa ntchito mochenjera, munthu kulolera kudulitsa dzanja kuopa kusambitsa mnzake. Taseka. Kenako kuseka kwatha kokha.

"Hasina, pangano lija likadalipo?"

"Likadalipo."

"Chifukwa ine sindifika mvula."

Ndamuuza kuti asiye zopusazo. Atapita ndafunda kumutu. Dzanja limodzi silingatembenuze munthu, silingaluke.

Lachinayi, 22 Meyi

Shuga 260. Bala akuti likuuma m'mbali.

Lero kwabwera zachilendo. Adokotala alowa ndi mtsikana wa magalasi, dzina lake Edina, wa kafukufuku wa ku yunivesite. Watsegula chikesi n'kutulutsa dzanja. Lakuda, la pulasitiki ndi zitsulo, zala zisanu, waliimika pa kathebulo. Wandimanga lamba wa labala pamkono, pansi pa chigongono. Akuti ukaganiza zogwira chinthu, ubongo umatumiza uthenga m'mitsempha mpaka ku minofu yotsalayi, ndiye lambayo amamva uthengawo n'kuuza dzanjalo, popanda waya.

Wandiuza kuti ndiganize zofumbata. Ndati dzanja langa lafumbata kale, sabata yachiwiri ino. Wati ndifumbatitse.

Zala zija zapindika zokha pathebulo.

A Rute akuwa kuti Yesu wanga, anthu a mabedi ena adzuka. Ndinaganiza mumtima, osauza munthu, koma chinthu chili apo chandimva. Sindikudziwa ngati ndakondwa kapena ndaopa. Chimene chabwera m'mutu ndi tsitsi la Zuleka.

Lolemba, 26 Meyi

Edina azibwera Lolemba ndi Lachinayi. Lero wabwera ndi mapepala anayi, wandiwerengera m'Chichewa. Zimene ndagwira ndi izi: sindilipira kanthu, ndikhala nalo chaka, koma mwini wake ndi kafukufuku. Ndafunsa kuti chaka chikatha adzabwera kudzandidulanso kachiwiri? Wachita manyazi, wati zimenezo akukambiranabe ndi akuluakulu ake. Bola sananame.

Wafunsanso kuti ntchito imene ndikuifunitsitsa ndi iti, kuti aliphunzitse imeneyo. Pamenepo a Rute makutu ali tcheru, anesi ali pomwepo, adokotala aamuna ali pomwepo. Ndinene za maliro pagulu chonchi, kwa anthu akunja? Ndangoti kugwira kapu, kugwira sopo, ndi kuluka tsitsi. Iye walemba kuti ntchito zapakhomo. Za kuluka wati ndisayembekezere zambiri, dzanjali limadziwa kutsegula, kufumbata ndi kutsina ndi zala zitatu basi. Mumtima ndati kutsinako kundikwanira, lamanzere lizipota.

Ndadinda ndi chala chamanzere. Chodindira changa cha masiku onse chili kumanda.

Lachitatu, 28 Meyi

A Nasir abwera ndi a Shehe athu kudzachita dua, kundipempherera. Ndawafunsa a Shehe mafunso anga. Ndikadyera dzanja ili, ndadyera lamanja kapena ndadyera sipuni? Potawaza, kutsuka manja ndi nkhope ndisanapemphere swala, ndizilitsuka? Nanga likamenya munthu, pa Kiyama, tsiku lachiweruzo, adzafunsidwa ndani, ine kapena amene analipanga? Akanda ndevu nthawi yaitali. Akuti zoterezi m'mabuku awo sanazipezepo, koma chimene akudziwa n'chakuti Allah amayang'ana cholinga cha mtima. Ndati vuto ndi lomwelo, chifukwa dzanjali nalonso likuyang'ana komweko. Sanaseke.

Nkhawa ya a Nasir ndi ina. Kwathu kulibe magetsi, ndipo batire lake limatha tsiku limodzi. Akuti iwo sangakasiye dzanja la mkazi wawo pa shopu yochajira mafoni, lili ndandanda ndi mafoni a anthu. Edina akuti adzatipatsa kasola.

Lamlungu, 1 Juni

Bala latsegukanso pakona. Mafinya. Shuga 380. Diripi yabwerera.

Lachitatu, 4 Juni

Kutentha thupi. Mwera ukulowa pawindo losweka. Sindingalembe.

Loweruka, 7 Juni

Chikondwerero cha Idi chandipeza pabedi. Layla wabweretsa nyama ya mbuzi, amayi ake sanathe kudzuka. Akuti tsopano akudya phala lokha, masipuni atatu. Anditumizira uthenga wakuti ndifulumire kuphunzira dzanja latsopanoli, asandipitirire.

Nyamayo ndagawana ndi a Rute. Mawa iwo akupita ku thiyeta.

Lachinayi, 12 Juni

Shuga 210. Thupi lazizira, bala layambanso kutseka.

A Rute awadula mwendo pansi pa bondo. Pakamwa paja patsekeka masiku atatu. Lero Edina atafika, amuitana mwaulemu n'kumufunsa ngati m'chikesimo mulinso mwendo. Edina wati kafukufukuyu ndi wa manja okha, ndipo m'boma lonse lino asankha anthu atatu. A Rute afunsa kuti osankhawo anayang'ana chiyani, popeza iwo ali ndi munda wa chimanga ndi zidzukulu zinayi, ndipo kumunda sapita ndi manja.

Ine ndimaphunzira kufumbata pamaso pawo, zala zikulira kuti zii, zii. Ndinachita kulakalaka nditabisa chinthucho pansi pa bedi.

Lolemba, 16 Juni

Kutsegula kukundivuta. Kufumbata n'kosavuta, koma kuti litseguke ndiyenera kuganiza zotambasula dzanja la kumanda lija, ndipo ilo likukana. Edina wandiphunzitsa njira yachidule, kuganiza zokweza mkono m'mwamba. Zikutheka, koma ndi bodza. La pathebulo latseguka, langa lili chifumbatire.

Mazira awiri ndaswa. Kapu yapulasitiki ndaiphwanya. Sopo wandipulumuka kasanu, kachisanu ndi chimodzi ndamugwira.

Lachisanu, 20 Juni

A Rute atuluka, pa ndodo ziwiri zobwereka. Potsanzika anandigwira phewa n'kunena kuti ndisawamvere chisoni, mwayi sagawana, koma dzanjalo ndikagwiritse ntchito yooneka. Bedi lawo alowapo kale ena.

Lachinayi, 26 Juni

Shuga 170. Bala latseka. Ayeza mkono ndi pulasitala kuti akaumbe chovalira.

A Nasir anafika nthawi ya maphunziro. Edina anati ndiwapatse moni. Anaika dzanja lawo m'dzanja lija, ine n'kuganiza zogwira. Ndinangoona nkhope yawo ikusintha, osalankhula. Edina ndiye anazimitsa. Zala zawo zinachita kuyera. Ine sindinamve kalikonse, ngakhale kufunda kwawo. Ndiye ndikanakhala kuti ndagwira munthu wosatha kudandaula, akanandiletsa ndani? Ndiyenera kuphunzira kugwira ndi maso.

Lachinayi, 3 Julayi

Ndalivala. Ndi lolemera, likukoka phewa, koma lili pa ine. Ndayenda nalo mpaka kukhomo la wodi n'kubwerera, amayi akundiombera m'manja. Masana ndadyera lamanja, nkhope kuyang'ana anthu. Alhamdulillah.

Ndapempha mtsikana wa bedi lachitatu kuti ndiyesere pa tsitsi lake. Lakudali limatsina chingwe chimodzi, lamanzere n'kumapota. Zatuluka zokhotakhota, koma ndi zitatu. Ndamuimbira Zuleka kumuuza kuti ndatsala pang'ono. Mawu ake ndi a kutali. Wati akudikira.

Akuti ndikhala sabata ina imodzi kuti aone ngati chovaliracho sichikupweteka bala.

Lolemba, 7 Julayi

Ndilembe bwinobwino, ngakhale mtima sukufuna.

Nthawi ya swala ya masana ndinapita kumpopi wa panja kukatawaza, dzanja lili pamkono. Nditangotsegula madzi, Edina anathamanga kuchokera pakhonde n'kundikoka mkono. Akuti dzanjali lisakhudze madzi. Lamba yekha ndi wotsekeka, koma dzanjalo madzi akalowa m'zala lafa, ndipo lina kulibe. Kuwaza pang'ono mwina, koma kuviika kapena kuthirapo, ayi.

Ndinafunsa kuti nanga sopo uja ndimaphunzira kumugwira wa chiyani. Anati amaganiza kuti ndi wopatsira lamanzere. Anatinso za madzizo zili pa pepala lachitatu, anandiwerengera. Mwina anawerengadi. Tsiku lija maso anga anali pa zala.

Ndinamulalatira, Allah andikhululukire. Ndinati anthu ophunzira inu mumabweretsa dzanja loopa madzi kwa anthu a kunyanja, munaganiza kuti kuno timasamba fumbi? Kenako ndinamukokera kuseri kwa khitchini n'kumuuza chimene sindinanene pa mapepala paja, za ntchito yathu ndi za pangano. Anavula magalasi.

"Amayi, mukanandiuza tsiku loyamba."

"Sizinenedwa, mwanawe."

Pamenepo anandiuzanso china, akuti kuli bwino ndimve zonse lero. Dzanjali limasunga chilichonse chimene lachita, nthawi yake ndi mphamvu yake, ndipo iye amazitumiza ku kompyuta za anzake, ena ali kunja kwa dziko. Ndiye kuti ngakhale likanakhala losaopa madzi, ndikanalowa m'chipinda chija ndi kazitape pamkono.

Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikuphunzitsa dzanja ntchito imene silidzagwira. Ndipo mnzanga akulimbana ndi ululu, kudikira dzanja lomwelo.

Lachiwiri, 8 Julayi

Shuga sindinafunse.

Ndamuimbira. Layla anamuikira foni pakhutu. Ndamuuza zonse, kuti dzanjali limaopa madzi, kuti ndinamunamiza posadziwa, kuti apeze wina wa manja awiri amusambitse mwaulemu wake. Ndinkangomva kupuma kwake. Kenako kaphokoso, ndinayesa akutsamwa, koma kunali kuseka. Wati dzanja limenelo si la kwa Maganga, alibweze kwawo.

"Iwe Hasina, ine ndinapangana ndi dzanja kapena ndi iwe?"

"Ndi ine."

"Ndiye wandichedwetseranji?"

Ndinkalira, foni ili m'dzanja lamanzere, lakuda lija lili pamiyendo likungofumbata lokha.

Lachisanu, 11 Julayi

Inna lillahi wa inna ilayhi raji'un. Zuleka anatisiya dzulo m'mawa.

Layla anaimba anesi akugawa mankhwala, kuti maliro aikidwa ikatha swala ya masana. Linali tsiku la Edina. Sindinamupemphe, anangopita yekha kwa adokotala kukandipemphera chilolezo n'kundikweza galimoto ya kafukufuku.

Titafika ndinavula dzanjalo m'galimoto momwemo n'kumusiyira pamiyendo. Ndi changu chija lamba ndinamuiwala pamkono, mkati mwa malaya.

Za m'chipindamo sindilemba. Ndingonena za ine. Amayi awiri anandithandiza kutembenuza, ndinatsuka ndi lamanzere, ndipo mutu wake ndinautsamiritsa pa mkono wodukawu. Mkono umenewu umamva. Ndinamumva mnzanga kulemera kwake konse, ndi mmene anapepukira. Kuluka analuka Layla, koyamba m'moyo wake, ine ndikumuuza pogwira. Ndipo pamene ankaluka, zala za kumanda zija, zimene zakhala chifumbatire miyezi iwiri, ndinazimva zikutambasuka. Zinayamba kuyenda m'tsitsimo pamodzi ndi zala za Layla. Sindinauze munthu.

Jeneza, chonyamulira maliro, itanyamuka ndi azibambo, ndinabwerera kugalimoto. Ndinapeza Edina maso ali psuu, dzanja lija walikulunga m'chitenje chake. Akuti anangokhala, mwadzidzidzi linatseguka lokha pamiyendo pake, n'kuyamba kutsina ndi kusiya, kutsina ndi kusiya, mofatsa kuposa mmene ndinachitirapo m'wodi. Anazindikira chimene chikuchitika m'nyumbamo. Analifunditsa, n'kulizimitsa.

"Za ola limenelo ndafufuta, amayi. Akandifunsa kuntchito ndikayankha ndekha."

Ndinamufunsa kuti linatsina kangati asanazimitse. Anati sanawerenge, anayang'ana kumbali. Ndinamuuza kuti wachita bwino, ndi mmene timachitira.

Lero shuga 150. Akuti Lolemba nditha kutuluka. Dzanjali ndipita nalo, ndizidyera ndi kugwirira kapu mpaka eni ake adzalifune. Amene adzandisambitse ine sindikumudziwa, mwina Layla, ndikamuphunzitsa.

A Nasir abwera masana ano. Akazi sitifika kumanda, ndiye ndawafunsa pamene amuika. Akuti malo amene anatsala ndi a kumpanda, pafupi ndi mtengo wa nimu, mapazi atatu kuchokera pamene anakwirira dzanja langa. Anena mochita kuopa, ngati ndikhumudwa.

Ndawauza kuti asadandaulenso za zala zija, zawongoka. Likhale naye komweko.